Ku Area 49, mu Area 49 kapena pa Area 49?

Funso: Ndasamukira kumene m'nyumba yanga ku Area 49 mumzinda wa Lilongwe. Kuno nyumba zikumangidwa tsiku ndi tsiku koma misewu yambiri ilibe maina. Abale akandifunsa komwe ndikukhala, ndinene kuti "ku", "mu" kapena "pa" Area 49?

Yankho: Mayi, onse atatuwo ndi Chichewa chabwino, koma aliyense ali ndi ntchito yake. "Ku" amaloza dera lonse, makamaka mukakhala kutali nalo. Mukakumana ndi alamu anu ku Limbe mudzawauza kuti, "Masiku ano ndikukhala ku Area 49." "Mu" amakulowetsani m'kati mwa deralo: "Mu Area 49 muno mwadzaza mipanda." "Pa" ndi wa malo oti munthu n'kuimapo kapena kuwaloza ndi chala, monga pasiteji, pachigayo, pageti. Wokwera minibasi akati "nditsitseni pa Area 18" akunena pamphambano pomwe anthu amatsikira, osati dera lonselo.

Chomwe chimandiwawa kumva n'chakuti ambiri amayamba bwino koma mneni n'kumusiya yekha. "Ku Area 49 pali madzi" n'kulakwa. Timati ku Area 49 kuli madzi, pageti pali galu, mumpanda muli mtengo wa mango.

Polondolera mlendo, yambani ndi chachikulu n'kumatsika: ku dera lakuti, mumsewu wakuti, pamalo pakuti. Mwachitsanzo: "Mukatsika pasiteji mulowere kumanzere, mudutse chigayo. Pamphambano yachiwiri muona mpanda wa njerwa wa geti yakuda, moyang'anana ndi mjigo." Mawu oti "kutsidya" musawagwiritse ntchito popanda chowoloka, kaya mtsinje, msewu kapena ngalande. "Kumtunda" ndi "kumunsi" amatsatira kutsetsereka kwa malo, ndiye mlendo wofika usiku sangawamve. Ndipo m'madera okula msanga chonchi, musalondolere munthu ndi munda wa chimanga kapena mulu wa mchenga, chifukwa chaka chamawa pamenepo padzakhala nyumba. Tchalitchi, sukulu ndi msika sizisuntha.

Mlendo wochokera kutali mumuchenjezenso kuti manambala a madera a Lilongwe satsatana ngati masamba a buku. Area 25 ili pafupi ndi kwanuko, pomwe Area 24 ili kumwera kwenikweni kwa mzindawu.

Funso: Kodi "keyala" ndi "adiresi" ndi chimodzimodzi? Mwana wanga akuti keyala ndi mawu achikale.

Yankho: Bambo, mawuwa sanathe ntchito. Keyala ndi yolandirira makalata, bokosi la ku positi lija, lomwe nthawi zambiri limakhala la sukulu, mpingo kapena kuntchito. Munthu akhoza kukhala ku Machinjiri keyala yake ili ya ku Limbe. Adiresi ndi yotakata, imakhudza bokosi la ku positi, nambala ya puloti, ngakhale imelo. Ngati mukufuna kudziwa komwe munthu amagona, funsani kuti "mumakhala kuti?" kapena lembani "malo okhala" pafomu. Polemba, dzina la malo lisiyanitseni ndi kamawu kake, monga ku Machinjiri, koma kumsika ndi pageti muzilumikiza.