Usiku womwe ndinamwalira ku Brixton

Imelo iyi yandipeza Lachiwiri ndili pa shifiti yausiku, ndayiwerenga katatu. Achemwali ena a zaka 23, amaluka tsitsi pa saluni ina ku Rosettenville, akuti mtima wawo uli pa kusewera mafilimu, makamaka oopsa aja ndi timafilimu ta anthu odziyimira paokha, ndiye akufunsa ngati asiye ntchito adziponye kwathunthu. Amalume awo akuti zimenezo n'zausatana.

Achemwali, apo pa amalume apo mwandikanda pachilonda.

June wa 2017 ine ndinamwalira. Ana a sukulu ina ya mafilimu ankafuna munthu wosewera mtembo wodzuka, malipiro ake inali thiransipoti ndi chakudya basi, ine ndi njala yanga yooneka pa kanema ndinavomera osaganiza kawiri. Tinakajambulira m'nyumba ina yakale ku Brixton kuyambira 6 koloko madzulo mpaka mbandakucha, ndipo amene munakhalapo ku Joni kuno mwezi wa June mukudziwa kuti chisanu chake cha ku Dedza chimachita kuchepa. Anandivula malaya, kundithira magazi, omwe kwenikweni ndi manyuchi a golden syrup osakaniza ndi utoto wofiira wa makeke, n'kundigoneka pa simenti. Ntchito yanga inali yosapuma kamera ikamayenda. Zimamveka zophweka, tayesani kaye muli njenjenje mano akugundana, dairekita akukuwa kuti mtembo ukunjenjemera tibwereze.

Tsono chibwana changa n'ichi. Mnzanga wina anandijambula ndili chigonere, maso ndatuzula, magazi thupi lonse, ine n'kuyika pa sitetasi ya WhatsApp osalembapo kanthu, kenako foni n'kuthimitsa chifukwa pojambula salola. Msuweni wanga anangoitola n'kutumiza kumudzi ku Ntcheu. Inu mukudziwa nkhani zochokera ku Joni zimene makolo athu anazolowera, mwana anapita ndi basi wabwera m'bokosi pa tirela. Mayi anga anayamba kulira usiku womwewo, azimayi a pafupi anasonkhana, ena akuti anayamba kale kutulutsa mipando m'nyumba. Ndikuyatsa foni m'mawa pa Bree ndikudikira takisi, mafoni osayankhidwa ndinatopa kuwerenga. Nditaimba mayi anangoti "ndani?" Ndikuti ndine, iwo zii, kenako "ngati ndiwedi tchula dzina la galu wa agogo ako." Ndinatchula. Chisangalalo chinatha mphindi ziwiri zokha, chotsatira chinali choti ndiye walowa zachisatana eti, ukudzitsirika ndi magazi a ndani.

Zinanditengera miyezi kuti m'banja mwathu andikhulupirire, ndipo a mkulu wa mpingo ena mpaka lero amandipatsa moni ndi nsonga za zala.

Koma tiyeni tinene zoona, ife a Malawi pankhaniyi timadzinamiza. Tinakulira pamoto, padangokhala tilitonse, agogo akutiopseza ndi afiti owuluka pa lichero, afisi otumidwa, ndondocha zolima m'munda usiku, moti kupita kukataya madzi panja unkachita kudzutsa mkulu wako. Titakula tinkalipira makobiri ku vidiyo sho kuonera mafilimu a ku Nigeria mfiti zikutulutsa moto m'maso, holo yonse kukuwa. Pa Pasaka kutchalitchi pamakhala munthu wosewera Yudasi, wina Satana weniweni ndi nyanga za makatoni, palibe amamutengera kwa abusa kukapemphereredwa. Koma mwana wanu akachita zomwezo pamaso pa kamera ndiye wagulitsa mzimu. Ayi, ine izi sindivomereza ndipo ndikamakula ndi pomwe ndikuumirapo mtima.

Sindikunena kuti mantha a amalume anu ndi opanda pake. Chaka chomwe chija cha 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe zinaphetsa anthu enieni, ndiye kwathu nkhani ya magazi si yoseweretsa. Ndipo pali zina ine ndimakana. Mnyamata wina anandipempha kuti ndimupezere chigoba cha Gule Wamkulu akhale chilombo cha mufilimu yake, ndinamuuza kuti ayi aise, gule si chidole cha Halloween, ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ngakhale UNESCO inamulemekeza mu 2005. Peka chilombo chako.

Chomwe ndimakondera mafilimu oopsa kwa munthu ngati inu ndi ine n'choti ndi khomo lomwe mlonda wake safunsa kwambiri chilankhulo. Masewero a pa TV za kuno monga SABC kapena Mzansi Magic amafuna Chizulu, Chisutu, Chitswana chomwe munayamwira, ndipo ukangotsegula pakamwa amadziwiratu kuti uyu ndi wakunja, mbali yomwe angakupatse ndi ya wogulitsa mankhwala ozunguza bongo kapena wantchito wa m'munda. Ngakhale mkulu wathu Eugene Khumbanyiwa, M'malawi yemwe anaoneka mufilimu ya District 9 mu 2009, anasewera mkulu wa zigawenga wa ku Nigeria, ndipo boma la Nigeria linakwiya nayo filimuyo. Pomwe mufilimu yoopsa chofunika ndi thupi, maso, mpweya, momwe ukutembenukira ukamva chitseko. Mantha alibe galamala. Komanso ndi mafilimu otchipa kupanga, nyumba imodzi, anthu asanu, mdima, n'chifukwa chake achinyamata ambiri amayambira pamenepo ndipo safuna nkhope yotchuka. Filimu yoopsa ya ku America ya Paranormal Activity inajambulidwa ndi ndalama pafupifupi 15,000 ya madola m'nyumba ya mwini filimuyo. Kuno komwe The Tokoloshe ya Jerome Pikwane inatuluka mu 2018, nkhani yake ya mtsikana wakumudzi wokonza m'chipatala cha mu Johannesburg usiku, ndikuionera ndinkangoti uyu akanatha kukhala mlongo wanga wa ku Tsangano.

Musaganize kuti kukuwa n'kophweka. Oyamba kumene onse amakuwa kuchokera pakhosi, pofika pojambula kachitatu mawu aphwa. Ndipo chowopsa kwambiri pa kamera si kukuwako, ndi munthu amene akuyesetsa kuti asakuwe. Amene munachitako zisudzo za ATEM ku sekondale muiwale zotambasula manja kuti a kumbuyo kwa holo aone, kamera ili pamphuno panu, imaona ngakhale kumeza malovu.

Za mapepala ndi akathyali

Apa ndiye poterera. Pasipoti yathu amatidindira masiku 30 okha pa Beitbridge, ndipo chidindo chimenecho si chilolezo chogwirira ntchito. Kampani yolongosoka ikafuna kukulipirani imafunsa pemiti, nambala ya msonkho ya ku SARS ndi akaunti ya kubanki, mukasowa izo mbali ija imapita kwa wina ngakhale munawaliza pa odishoni. Ndaonapo zikuchitika. Ndipo ngakhale eni dziko, osewera kuno amatengedwa ngati aganyu, filimu ikabwerezedwa kuonetsedwa ambiri salandira kanthu, bungwe lawo la South African Guild of Actors lakhala likulimbana nazo kwa zaka. Ndiye tangoganizani inu ndi ine.

Akathyali nawo ali mbwee. Ine ndinapereka R1,500 kwa bambo wina wa tayi mu kaofesi ka mutauni, eti ya zithunzi ndi kulembetsa, patatha masabata awiri ndinapeza pakhomopo akugulitsa makava a foni. Ejenti weniweni amadya pa zomwe wakupezera, amadula gawo lake iwe ukalipidwa, sakulipiritsa usanagwire ntchito. Ndipo inu poti ndinu mtsikana, odishoni ya ku fuleti ya munthu usiku musapiteko, ngakhale akuti ndi filimu yoopsa iyenera mdima. Za kuvula zilembedwe papepala musanafike pa seti pojambulirapo, ngati simukufuna nenani pomwepo.

Ndatalikitsa, shifiti ikutha. Ntchito ya pa saluni musasiye, ndi yomwe ikulipira lendi, komanso munthu wodziwa tsitsi pa seti ya filimu yopanda ndalama ndi golide, loweranipo ndi chipeso chanucho. Ophunzira a ku sukulu ya mafilimu ya AFDA ku Auckland Park ndi a ku yunivesite ya Wits ku Braamfontein amafuna osewera chaka chilichonse, yambani kumeneko, pemphani kope ya mbali yanu, zikakwana zitatu zinayi lumikizani kavidiyo ka mphindi ziwiri kowonetsa ejenti. Phunzirani kudzijambula nokha pa foni, khoma loyera, kuwala kwa pawindo. Funsani za maphunziro ku Market Theatre Laboratory ku Newtown, pitani ku Bioscope, koonetsera mafilimu ku 44 Stanley, mukadziwane ndi opanga mafilimu, ndipo zanu zikapsa kuli chionetsero cha mafilimu oopsa cha South African HorrorFest ku Cape Town chomwe chinayamba mu 2005.

Amalume aja muwaitane adzaone pojambula, adzanyambite okha magaziwo amve kutsekemera. Tsikulo tsitsi mumange duku, manyuchi akalowa m'mesh satuluka, ndipo musanayike chithunzi chilichonse pa sitetasi imbirani kaye kumudzi.