Kuzizira kwa Mzuzu sikusunga nsomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Chibavi. Ali ndi MSCE ndipo akufuna kuphunzira zokonza mafiriji ndi ma air conditioner, koma amalume ake omwe angalipire fizi akuti kumeneko n'kutaya ndalama poti Mzuzu ndi kozizira kale. Akufunsa ngati ntchitoyi imabweza ndalama.

Achimwene, imelo yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa mawu a amalume anuwo ndi omwewo amene bambo anga anandiuza ine. Unali mwezi wa June, tikuwotha mbaula pakhonde ku Zolozolo, nkhungu itaphimba mpaka nyumba ya aneba. Anati, "Iwe ukufuna uzikagulitsa kuzizira kwa anthu ogona ndi mabulangete awiri?" Iwo ankafuna ndikhale mphunzitsi. Sindinawayankhe, koma mawuwo anandibaya mpaka lero ndimawakumbukira. Fizi yoyamba analipira ndi mayi anga atagulitsa matumba a chimanga omwe ankasungira njala ya February.

Nditamaliza ndinali ndi pepala koma chida ndinalibe n'chimodzi chomwe. Pasukulu zida ndi za sukulu, ukamatuluka umatuluka chimanjamanja. Ntchito yanga yoyamba ndinapita ndi multimeter (chida choyezera magetsi) yobwereka, kugolosale ya mayi wina ku Luwinga. Nditatsegula deep freezer, madzi ofiira anali atadikha pansi, nkhuku zitafewa, batala wa ku Nkhata Bay atayamba kununkha. Mayiwo anali atalipira kale kawiri kwa munthu wina amene ankangoti gasi watha. Ndinagwada kumbuyo kwa firijiyo, ndikumva kompresa, injini yopopa gasi, ikungoti "tchi" kenako zii. Vuto linali relay, kachinthu koyambitsa kompresa kochepa ngati bokosi la machesi, katapsa magetsi atabwera mwamphamvu pambuyo pothima. Nditaikapo kena, kompresa inayamba kulira bwinobwino, ndipo nditagwira mapaipi akumbuyo ndinamva akufunda. Mayi aja anangokhala pa kreti ya zakumwa osayankhula. Mwezi womwewo ananditumizira anzawo atatu.

Apa mpomwe mtima wanga umatentha. M'tauni muno mwadzaza anthu oyenda ndi silinda pa njinga, firiji iliyonse akuti yatha gasi. Firiji simadya gasi ngati mmene galimoto imamwera petulo. Gasi amazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akatha ndiye kuti penapake pabowoka. Kuthira wina usanapeze bowolo ndi kuba, ndikunena mosapsatira. Ena sadziwa n'komwe kuti mafiriji ambiri atsopano ali ndi gasi wa R600a amene amayaka moto, amangoyatsa tochi yowotcherera pafupi. Ena amathira gasi wina wa R134a m'firiji ya R600a, kompresa n'kufa pasanathe nthawi. Gasi wa R22 wa ma air conditioner akale akuthetsedwa pansi pa pangano la mayiko la Montreal Protocol la 1987, ndipo mayiko ngati lathu ayenera kukhala atamusiya pofika 2030. Zimenezi sungaziphunzire pongoonerera munthu wa silinda uja. N'chifukwa chake ine ndimati sukulu ndi yofunika, ndipo amene akukuuzani kuti mungoyamba kutsatira wina n'kumaonera akukunamizani.

Amalume anu akamati kuno n'kozizira akuganiza za thupi la munthu. Nyama ya m'butchala siidziwa kuti ili ku Mzuzu. Mkaka wa alimi a ng'ombe umasasa chimodzimodzi. Katemera wambiri m'zipatala amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, usiku ndi usana. Nanga amayi ogulitsa mafirizesi ndi thobwa wozizira? Nanga kumotchale? Ndipo mukangotsika phiri kupita ku Nkhata Bay, kapena mukafike ku Karonga mwezi wa October, mukaone mmene eni malo ogona alendo amasakira munthu wodziwa air conditioner. Zotenthetsa nyumba kuno zilibe msika, anthu ali ndi mbaula zawo, koma ma geyser amapsa ndipo amafuna munthu wodziwa magetsi.

Tsono za ndalama

Fizi si imene imapweteka kwambiri. Zida ndiye zimathyola msana: gauge yoyezera mphamvu ya gasi, vacuum pump yokoka mpweya m'mapaipi, zowotcherera mapaipi, silinda ya gasi. Zonsezi n'zochokera kunja, zambiri zimalowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania, ndiye mtengo wake umatsatira dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kompresa inakwera moti makasitomala ena anangosandutsa mafiriji awo kukhala makabati osungiramo ufa. Ine zida zinandidyera ndalama zoposa fizi, ndipo zinanditengera zaka ziwiri kuti ndisiye kubwereka. Ntchito imachuluka kuyambira September mpaka December, foni siipuma. June ndi July mutha kutha sabata osaitanidwa, ndiye amene sadziwa kusunga amalira. Ine miyezi imeneyo ndimadyera mawaya a m'nyumba, ma geyser ndi sola.

Yankho langa ndi lakuti pitani mukaphunzire. Yambirani ku ofesi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, konkuno ku Mzuzu, mufunse makoleji amene akuphunzitsa ntchitoyi ndi nthawi yolembetsa, chifukwa malo odzera kwa iwo amatsika mtengo kusiyana ndi sukulu zoyima pazokha. Musalipire kusukulu yosalembetsedwa. Nthawi yokaphunzira pantchito sankhani malo okhala ndi cold room (chipinda choziziritsira katundu), ngakhale asakupatseni kanthu. Amalume anu muwapemphe kuti pa ndalama ya fizi aikepo padera ya multimeter ndi gauge, mugule chaka choyamba chomwe. Akakayikabe, apite nanu kwa wogulitsa nsomba aliyense mumsika waukulu, amufunse zimene amataya firiji ikaima masiku awiri.