Mpweya ulipo wambiri, koma ndi wotentha

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji milalang'amba (makamu a nyenyezi mabiliyoni ambiri) yokhala m'magulu akuluakulu imaleka kubala nyenyezi, chikhalirecho m'magulumo mpweya ndi wosasowa. Nkhani yagona pa mtundu wa mpweyawo.

Nyenyezi imabadwira mumtambo wa mpweya wa haidrojeni wozizira zedi, pafupifupi madigiri 260 pansi pa ziro. Mpweya ukazizira chonchi umalola kuunjikana mpaka pakati pake payake moto. Tsono mpweya umene wadzaza pakati pa milalang'amba, m'gulu ngati la Virgo kapena la Coma, umatentha madigiri mamiliyoni ambiri, mpaka kumatulutsa ma X-ray. Woterewu suumba kanthu.

Choipa kwambiri n'chakuti umalandanso wozizira uja. Mlalang'amba ukamagwera m'gulu umathamanga makilomita oposa 1,000 pa sekondi, ndiye mpweya wotenthawo umauwomba ngati chimphepo. Kumbukirani amayi akamapeta chimanga pabwalo: njere zimatsala m'lichero, mankhusu n'kuuluka. Nyenyezi zakale zimatsala, mpweya umapita. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno chouluka chija ndiye mbewu yeniyeni. Akatswiri a zakuthambo James Gunn ndi Richard Gott ndi amene anafotokoza zimenezi mu 1972.

Chimene ine chimandisangalatsa n'chakuti mlalang'amba suzima mwakachetechete ayi. Funani chithunzi cha ESO 137-001, mlalang'amba wa m'gulu la Norma. Ukukoka mchira wa mpweya wautali moti kuwala kungatenge zaka pafupifupi 260,000 kuti kuudutse, ndipo mumchiramo mukubadwa nyenyezi zabuluu, kunja kwa mlalang'amba weniweniwo! Chimphepo chija chikapanikiza mpweya, kubala kumayamba kwakwera kaye, kenako n'kutheratu.

Palinso njala ya pang'onopang'ono. Mlalang'amba ukalowa m'gulu sulandiranso mpweya watsopano wochokera kunja, umangodya umene unabwera nawo mpaka nkhokwe kugwa. Nyenyezi zabuluu sizikhalitsa, zimafa msanga, n'kutsala zofiira zokhazokha. Mu 1980 katswiri wa zakuthambo Alan Dressler anaunika magulu 55 ndipo anapeza kuti pamene pali pothithikana kwambiri, milalang'amba yamikono yozungulira imachepa, yozimirira imachuluka.

Mlalang'amba wathu uno uli m'kagulu kakang'ono limodzi ndi wina wotchedwa Andromeda, kutali ndi chimphepo cha Virgo, ndipo ukubalabe nyenyezi. Usiku kukayera yang'anani mtambo wa Orion, pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija, mmenemo zikubadwa panopa.