Ukufuna kupanga ndege zankhondo za AI, koma masamu wapeza 9

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Ulónguè amene ali mu décima segunda, kalasi yomaliza ya sekondale. Akuti: "Ndimaonera pa foni mavidiyo a ndege zankhondo zouluka zokha ndi AI, ndipo ndikufuna kudzakhala mmodzi wa ozipanga. Bambo akuti ndi zamisala, ndikalembetse unamwino basi. Masamu ndinapeza 9 trimestre yathayi. Ndilowere kuti?" Makalata otere amabwera chaka chilichonse mayeso akayandikira. Chimasintha ndi makina okha, wina roketi, wina loboti.

Mwana wanga, ndiyambe ndi chowawa. Kuno ku Mozambique kulibe fakitale yopanga ndege zankhondo. Ku maiko amene amazipanga, monga America, ntchitoyi ndi yachinsinsi cha boma, mlendo salowamo chisawawa. Ukakhala pansi kudikira kuti wina adzakuitanire ku California, imvi zidzakupeza pomwepo.

Komabe vidiyoyo imakubisira zambiri, ndipo zobisikazo ndi zimene ndikufuna uzione. Mu 2020 pulogalamu ya kampani ya Heron Systems inagonjetsa katswiri woyendetsa ndege yankhondo ya F-16 kasanu motsatizana, koma nkhondo yake inali ya pa kompyuta. Mpaka mu 2023 ndi pamene ndege yeniyeni yoyendetsedwa ndi AI, X-62A, inalimbana ndi F-16 mumlengalenga ku Edwards, bwalo la ndege zankhondo ku California, ndipo ngakhale pamenepo munali anthu mkati okonzeka kulanda chiwongolero zikavuta.

Ukachotsa munthu m'ndege umachotsanso mpando womuponyera kunja pangozi, mpweya wake wopuma ndi galasi loonera. Ndege imapepuka. Munthu amakomoka ndege ikakhota mwamphamvu kupitirira pafupifupi 9g, pamene thupi limalemera kasanu ndi kanayi kuposa nthawi zonse, chifukwa magazi amathawa kumutu kutsikira kumiyendo. Kompyuta sikomoka, koma phiko limathyoka, choncho wina ayenera kuwerengera malire ake. Makompyuta ndi rada zimadya magetsi ambiri n'kumatentha, wina apeze njira yozizizira m'thupi lopanikizika la ndegeyo. Mdani amatsekereza wailesi ndi kunamiza GPS, ndiye ndege iyenera kudziwa yokha pamene ili pogwiritsa ntchito tizipangizo tomva kuthamanga ndi kupendekeka kwake. Ndipo pali funso lolemera kuposa onsewa: wolamula kuti iwombere ndani? Ndege ngati MQ-28 Ghost Bat ya ku Australia, imene inauluka koyamba mu 2021, anaikonza kuti iziperekeza ndege zokhala ndi anthu, osati kuwalowa m'malo.

Taona tsopano. Palibe vuto limodzi mwa amenewa limene limathetsedwa poonera foni. Onse ndi masamu, fizikisi, magetsi ndi kulemba mapulogalamu. Iwe uli ndi 9 pa 20, pamene kukhoza kwenikweniko kumayambira pa 10. Zimandipsetsa mtima kuona mwana wanzeru akudziwa mayina a ndege khumi pamutu, koma akaona masamu a derivada m'kope akutembenuza tsamba.

Njira imene ndimaikhulupirira ine ndi uinjiniya wa magetsi, ndipo suyenera kuchoka m'chigawo chathu cha Tete kuti uupeze. Instituto Superior Politécnico de Songo ili pafupi ndi damu la Cahora Bassa. Masamu amene amachititsa kuti makina opukusa magetsi azizungulira pa liwiro limodzi ngakhale kuchuluka kwa magetsi ofunika kusinthe ndi omwewo amene amagwira ndege kuti isagudubuzike mphepo ikaiwomba: kachipangizo kamayeza, kompyuta imayerekeza ndi chofunikacho, kenako imakonza, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ukadziwa zimenezi uli ndi ntchito ku damu, ku migodi ya Moatize, ndipo khomo la bolsa, thandizo lolipirira maphunziro akunja, limatseguka. Ngati mtima wako uli pa mapulogalamu, Instituto Superior Politécnico de Tete ili ndi informática. Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo iliponso, ngati thumba lilola. Ukafuna usilikali weniweni, Academia Militar ili ku Nampula, koma kumeneko ukaphunzira kukhala ofisala, osati kujambula mapiko.

Ndege zopanda woyendetsa zimene ungazigwire ndi manja ako msanga ndi madroni. Atagunda namondwe Idai mu 2019, madroni anathandiza kujambula madera osefukira, ndipo mu 2020 ku Lilongwe, ku Malawi, anatsegula African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa za madroni.

Tsopano inu bambo. Unamwino ndi ntchito yaulemu, ndipo ndikudziwa kuti mukuopa kuti mwana angakhale pakhomo ndi diploma yopanda malipiro. Koma namwino wokakamizidwa ndi amene amakalipira odwala usiku. Mwakana maloto a mwanayu osamufunsa n'komwe kuti mkati mwake muli chiyani. Mufunseni za masamu, musamutche wamisala.

Iwe mnyamata, funa mapepala akale a exame de admissão, mayeso olowera ku sukulu zapamwambazi, upeze mnzako wokhoza masamu, muzikhala limodzi madzulo aliwonse foni ili m'thumba. Nthawi yatsala yochepa, koma ndaonapo ena akukwera kuchoka pamene uli. Ukafikitsa 14, undilemberenso tikambirane za Songo. Ukakhalabe pa 9, bambo ako adzakhala ndi mfundo, ndipo ine sindidzakuikira kumbuyo.