Pasukulu ya charter pakagwa vuto, auzidwe ndani poyamba?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Indiana, ku America. Mwana wawo amaphunzira pasukulu ya charter (sukulu yolandira ndalama za boma koma yoyendetsedwa ndi bodi yakeyake), ndipo chaka chino mayiwo asankhidwa kulowa m'bodi ya sukuluyo. Pamsonkhano woyamba anangopatsidwa ntchito yolemba ndondomeko ya momwe sukulu iziyankhulira ndi anthu pakagwa vuto. Funso lawo ndi ili: "Ine ndine namwino, za atolankhani sindizidziwa. Ndiyambire pati? Kodi sitingangolamula kuti wina aliyense asamayankhule nawo, nkhani n'kuthera pomwepo?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Kutseka pakamwa sikungakuthandizeni, ndipo chifukwa chake chagona pa mtundu wa sukulu imene mukuyendetsayo.

Kwathu mtolankhani akafika pasukulu ya boma, ahedi amangoti "kafunseni kwa a DEM" kapena kwa mneneri wa unduna, iwo n'kubwerera mu ofesi. Ku America nako sukulu wamba za boma, zimene amati za district, zili ndi ofesi yapamwamba, maloya ndi wofalitsa nkhani wolembedwa ntchito. Inu a charter mulibe kokankhira. Sukulu zamtunduwu zinayamba ndi lamulo la ku Minnesota mu 1991, yoyamba n'kutsegulidwa ku St. Paul mu 1992, ndipo Indiana inavomereza zake mu 2001. Ndalama ndi za boma, koma oyendetsa ndi bodi yanu, potsata mgwirizano umene munasainirana ndi authorizer, wopereka chilolezo choyendetsera sukuluyo, amene angakhale ofesi ya meya wa Indianapolis, Ball State University kapena Indiana Charter School Board. Authorizer ali ndi mphamvu yokana kuwonjezera mgwirizanowo. Komanso ndalama zimatsata mwana: boma limawerenga ophunzira kawiri pachaka, ndipo kholo lililonse linachita kusankha kubweretsa mwana wake kwa inu. Likakhumudwa limamuchotsa mawa lomwe, thumba la sukulu n'kuphwa.

Ndiye pepala lanu lisayambe ndi atolankhani. Liyambe ndi funso loti pakagwa chinthu, ndani amve poyamba, ndipo amuuze ndani. Ine ndimayika chonchi: apolisi kapena ambulansi ngati pali moyo pachiswe, kenako makolo a mwana wokhudzidwayo pafoni, ndi mawu a munthu osati uthenga wolemba. Akatero aphunzitsi ndi onse ogwira ntchito, kuphatikizapo wolandira alendo ndi oyendetsa basi, chifukwa ndi amene amafunsidwa pageti. Kenako makolo onse, wapampando wa bodi, authorizer ndi a inshulansi. Atolankhani amabwera pambuyo pa onsewa, koma pambuyo pake ndikunena mphindi, osati masiku. Authorizer akamva nkhani ya sukulu yanu pa TV musanamuimbire, adzaikumbukira tsiku lokambirana za mgwirizano. Ngati nkhaniyo ndi ya nkhanza kwa mwana, lamulo la Indiana limafuna kuti amene waziona akanene yekha ku Department of Child Services (ofesi ya boma yoteteza ana) kapena kupolisi nthawi yomweyo, osadikira kuti ahedi kapena bodi ivomereze. Zimenezi zilembeni pamwamba penipeni.

Mneneri akhale mmodzi, ndipo akhale ndi wachiwiri wake. Ambiri amaika ahedi, koma taganizani: bwanji ngati nkhaniyo ikukhudza ahedi omwewo, kapena ali m'ndege? Apo wapampando wa bodi ndiye ayankhule. Ena onse aphunzitsidwe chiganizo chimodzi chaulemu chotumiza wofunsa kwa mneneri. Uku n'kusiyana ndi kuwaopseza kuti akayankhula achotsedwa ntchito, zomwe zimangochititsa kuti ayankhule mobisa.

Tsopano pa zonena, apa ndichedwepo pang'ono. Msampha waukulu si kukhala chete koma kunena msanga zimene simunatsimikize. Kumbukirani za ku Uvalde, Texas, pa 24 May 2022, pomwe ana 19 ndi aphunzitsi awiri anaphedwa ndi mfuti pasukulu ya Robb Elementary. Siinali sukulu ya charter, koma phunziro lake ndi la tonse. Tsiku lotsatira bwanamkubwa Greg Abbott anayamikira apolisi kuti anachita changu, patangopita masiku awiri n'kubweranso kudzanena kuti ananamizidwa, popeza zinadziwika kuti apolisi anadikira kupitirira ola lathunthu asanalowe m'kalasimo. Akuluakulu ananenanso kuti mphunzitsi wina anasiya chitseko chotsegula, kenako n'kuvomera kuti anatseka koma loko sanagwire. Makolo ovutika kale aja anasiya kukhulupirira chilichonse chochokera kwa akuluakulu. Uthenga wanu woyamba ukhale waufupi: chimene chachitika monga mwachitsimikizira, ngati ana ali otetezeka, chimene kholo lichite kapena lisachite (monga kusathamangira kusukulu, koma kukadikira pamalo akutiakuti), ndi nthawi imene mudzayankhulenso. Nthawi imeneyo ikakwana yankhulani, ngakhale palibe chatsopano. Mukachedwa, magulu a makolo a pa Facebook ndi WhatsApp adzakuyankhulirani, ndipo paja kandimverere adakanena za m'maluwa.

Poti ndinu namwino, za chinsinsi cha wodwala mukuzidziwa. Kusukulu kuli lamulo lofanana nalo la FERPA, la 1974, loteteza zolembedwa za mwana. Simungauze mtolankhani, kapena kholo la mwana wina, chilango chimene wophunzira wapatsidwa. Koma ndaona sukulu zikubisala kuseri kwa lamuloli pa zinthu zomwe silikuletsa. Mutha kunena kuti panachitika ndewu, kuti apolisi anaitanidwa, ndi zimene malamulo a sukulu amanena pa mlandu wotere, osatchula dzina.

Mbali inayo ndi yoti sukulu yanu imadya ndalama za boma, choncho Open Door Law ndi Access to Public Records Act, malamulo oti misonkhano ndi zikalata za boma zikhale poyera, akukukhudzani. Msonkhano wa bodi umafuna chidziwitso cha maola 48, kupatula wadzidzidzi weniweni, ndipo pempho lofuna zikalata lobwera pa positi kapena pa imelo liyenera kuyankhidwa pasanathe masiku 7. Maimelo amene mumatumizirana a m'bodi pa nkhani za sukulu mtolankhani atha kuwapempha. Musalembe mutakwiya chimene simungafune kuchiona mu nyuzipepala ya South Bend Tribune.

Mudziwenso kuti mtolankhani wa zamaphunziro ku Indiana amabwera kwa inu ali ndi mbiri m'mutu. Chalkbeat, bungwe lolemba nkhani zamaphunziro, ndi imene inafukula za Indiana Virtual School, sukulu ya charter ya pa intaneti, mu 2017. Sukuluyo ndi inzake zinatsekedwa mu 2019, ndipo ofufuza za chuma cha boma anapeza kuti zinalandira ndalama zoposa madola 68 miliyoni powerengera ophunzira amene sankaphunzira. Ku Ohio, sukulu inanso ya charter ya pa intaneti yotchedwa ECOT inatsekedwa mu January 2018, pakati pa chaka cha maphunziro, ana pafupifupi 12,000 n'kusowa kolowera. Ndiye akakufunsani za chiwerengero cha ana kapena za kampani imene mumailipira kuyendetsa sukulu, sikuti akudana nanu. Khalani ndi manambala olondola pafupi. Ndipo musadikire tsoka kuti mudziwane naye: muitaneni pa tsiku la chionetsero cha sayansi, mupatseni nambala imene imayankhidwa. Mukamuuza chinthu, dziwani kuti chilembedwa, pokhapokha mutagwirizana musanayambe kuyankhula.

Mavuto ambiri sadzakhala a mfuti. Adzakhala basi yagunda, mphunzitsi wamangidwa, mapaipi a madzi aphulika m'nyengo yozizira, kapena zolakwa za ena zimene zakugwerani. Kumayambiriro kwa 2025 sukulu zambiri zinayenera kufotokozera makolo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta a PowerSchool, kampani yosunga zolembedwa za ana. Makolo sanaimbire kampaniyo, anaimbira ahedi. Lembanitu mauthenga anayi kapena asanu a zinthu zoterezi, loya awaonetu, ndipo amasuliridwe m'zinenero za makolo anu. Inu ndi ine tikudziwa momwe kholo lobwera limasowera mtendere likalandira uthenga wadzidzidzi m'Chingerezi chapamwamba lili pa shifiti ya usiku.

Zonsezi zikwane masamba awiri, zosindikizidwa papepala, chifukwa tsiku limenelo intaneti itha kuzima. Palembedwenso amene ali ndi password ya Facebook ya sukulu, poti nthawi zambiri imakhala ndi munthu amene anasiya ntchito chaka chatha. Pamsonkhano wotsatira wa bodi pemphani mphindi 30, muuze anzanuwo kuti ndi Lachisanu 2 koloko masana, basi yagubuduzika, ahedi foni yawo yazima, kenako mufunse kuti akuimbira makolo ndani. Zimene ayankhe mudzandilemberenso, Mayi.