Phirilo Siligulitsidwa Pamodzi ndi Nyumba, Achemwali

Achemwali, funso lanu ndinaliwerenga dzulo usiku koma ndinati ndigonere kaye. Mwati mwapeza nyumba kunja kwa mzinda, kudera la mapoloti akuluakulu, koti munthu ukakhala pakhonde phiri limaoneka lonse, ndipo mukufunsa ngati mugule imeneyi kapena mudikire yapafupi ndi kuntchito ngakhale ikhale yothinana. Ndaona ambiri pansipa akukuuzani kuti gulani msanga ena asanakulandeni. Ine ndatha zaka 9 m'nyumba yangati imeneyo, ndiye mundipirire, ndilemba zambiri.

Tsiku limene tinakaona nyumba yathu, kutsogolo kwake kunali poloti yopanda kanthu, udzu wokhawokha ndi kamtengo kamodzi. Ejenti anatiimika pawindo la pabalaza, n'kuloza phiri, n'kuti, "Apa sipadzamangidwa chilichonse, mwini wake ali kunja ndipo alibe nazo ntchito." Tinakhulupirira chifukwa tinkafuna kukhulupirira. Chaka chachitatu, m'mawa wina, ndinadzutsidwa ndi lole ikutsitsa njerwa. Patatha miyezi 14 panali pataima nyumba yosanja, khoma lake lakumbuyo litatipenya ife. Lero ndikafuna kuona nsonga ya phiri ndimakaima pakona pafupi ndi thanki ya madzi, n'kusendeza mutu kumanzere. Ndinapita kukhonsolo mtima uli m'mwamba, iwo anangotulutsa pulani ya mwini nyumba yosanjayo, yodindidwa bwinobwino. Sanalakwe chilichonse. M'malamulo a mayiko ambiri munthu alibe ufulu woletsa mnzake kumanga chifukwa choti amutchingira malo okongola. Nkhaniyi si ya lero: ku England, pa mlandu wa William Aldred wa m'chaka cha 1610, munthu anasumira mnansi wake chifukwa cha khola la nkhumba, ndipo oweruza anati fungo loipa ndi mlandu ndithu, koma kutchingiridwa zooneka bwino si mlandu, poti zimenezo n'zongosangalatsa maso. Papita zaka zoposa 400 koma mfundoyo ikadali yamoyo.

Ndiye ngati gawo la mtengo umene akutchulawo ndi la phirilo, fufuzani kuti poloti ya kutsogolo ndi ya ndani, ndipo malamulo a deralo amalola nyumba zotalika bwanji. Musamve za m'kamwa mwa ejenti, pitani nokha kukhonsolo. Pali kanjira kena kosavuta kamene ndikadakadziwa kale: nyumba yosanja kamodzi, kuphatikiza denga, imafika mamita pafupifupi 8. Pezani nsungwi yotalika chomwecho, wina akaigwire choimika pamalo pamene mnansi angadzamangepo, inu muime pawindo. Ngati nsonga ya nsungwiyo ikufika paphiri, ndiye kuti phirilo ndi lobwereka.

Koma zimenezo n'zazing'ono. Chimene chinandichititsa kuti ndisagone dzulo ndi chakuti simunanene kuti nyumbayo ili pati kwenikweni. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa nyumba yoyang'ana phiri ili patali, mwina makilomita angapo, pamalo okwera pang'ono, ndi nyumba yomangidwa m'mbali mwa phiri lenilenilo kapena patsinde pake. Yoyambayo imadya maonekedwe popanda kulipira kanthu. Yachiwiriyo imalandira chilichonse chimene phiri lataya: madzi, matope, miyala.

Madzi ndiwo ndikufuna tikhalepo. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi, imapereka lita imodzi. Denga la masikweya mita 200, pa mvula ya mamilimita 50, limakhetsa malita 10,000 tsiku limodzi. Tsono werengani madenga onse ali kumtunda kwanu, kuwonjezapo mabwalo awo owaka simenti kumene madzi salowa pansi. Onsewo amatsetsereka, ndipo amafika kwa amene ali m'munsi. Deralo likamadzaza ndi nyumba, madzi ofika pampanda panu amachuluka chaka ndi chaka ngakhale mvula ikhale yomweyo. Ife chaka choyamba sitinaone vuto. Chaka chachisanu, kumtunda kutamangidwa nyumba zinayi, mpanda wathu wakumbuyo unagwa usiku, phokoso lake ngati galimoto lagunda nyumba. M'mawa tinapeza matope ofika m'maondo pakhomo la khitchini, ndipo nsapato za ana zimene zinali pakhonde tinakazitola kugeti.

Wokonza mpanda ndiye anandionetsa chimene ndinayenera kuona tsiku loyamba. Khoma lotchinga dothi liyenera kukhala ndi timabowo kapena timapaipi m'munsi, potulukira madzi, ndi miyala kumbuyo kwake. Lathu linalibe. Dothi likakhuta madzi limalemera ndipo limakankha, khomalo limayamba kutupa pamimba kenako n'kugonja. Pitani mukayang'ane lanulo. Muime m'mbali mwake, muliyang'ane motsata utali wake ngati mmisiri akuyesa thabwa. Likakhala lopendekera kunja kapena lotupa pakati, limenelo ndi ndalama imene mudzalipire inuyo.

Chinanso, pomanga pamalo otsetsereka amadula dothi kumtunda n'kuliunjika kumunsi kuti apeze pofanana. Mbali yodulayo ndi yolimba, mbali younjikayo imatitimira pang'onopang'ono ngati sanaitsindire bwino, ndiye nyumba imakhala ngati mwendo umodzi uli pamwala wina pamatope. Zizindikiro zake sizibisika kwa munthu wodekha: ming'alu yoyambira pakona ya windo kapena ya chitseko n'kumapita chopingasa, zitseko zokana kutsekeka mbali imodzi ya nyumba, matailosi osweka motsata mzere umodzi. Kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi papulasitala si koopsa. Mng'alu woti ndalama yachitsulo n'kulowamo, wotakasuka kumwamba kuposa kumunsi, umenewo muitanire injiniya, ndipo akhale wolipidwa ndi inu, osati wobwera ndi wogulitsa. Samalaninso ndi penti yatsopano imene yapakidwa m'munsi mwa khoma mokha. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kandani pang'ono ndi kiyi kuseri kwa kabati, mununkhize. Chinyontho sichinama.

Mukatero tulukani panja muyang'ane kumtunda. Ngati pabwalo kapena pafupi pali miyala ikuluikulu yokhala payokhayokha, dzifunseni kuti inafika bwanji pamenepo. Sinamere ayi, inagubuduka. Mitengo yopindika patsinde, mapolo a magetsi opendekera kumunsi onse mofanana, zimasonyeza kuti nthaka ikuyenda ngakhale maso sakuiona. Ndipo kakhwawa kouma kooneka kosalakwa m'chilimwe, kamene ana amaseweramo, ndi njira imene phiri limadzera likakwiya. Nyumba yoyang'anizana ndi pakamwa pa khwawa lochokera kuphiri ine sindingagule, ngakhale andichotsere theka la mtengo.

Wina anganene kuti ndikuopseza. Pa 14 Ogasiti 2017, mbali ya phiri la Sugar Loaf inagumuka m'dera la Regent, kunja kwa mzinda wa Freetown ku Sierra Leone, mvula itagwa masiku angapo. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ambiri akadali m'tulo, ndipo mitengo m'mbali mwa phirilo inali itadulidwa anthu akumanga chokwera. Musaganize kuti zimenezi zimagwera osauka okha. Ku Montecito, m'chigawo cha California, dera la anthu achuma lokhala patsinde pa mapiri, moto wolusa unapsereza tchire la kumapiri mu Disembala 2017, ndipo pa 9 Januwale 2018 mvula yamphamvu inatsitsa matope ndi miyala, n'kupha anthu 23. Nyumba zake zinali zokongola kuposa zimene ine ndi inu tingalote. Choncho yang'anani phirilo osati ngati chithunzi chokha: lili ndi mitengo kapena lametedwa? Anthu akukwera nalo kumanga? Akuphwanya miyala kumeneko? Limapsa chaka chilichonse? Za motozi dziwaninso kuti umathamanga kwambiri ukamakwera mtunda kuposa pamalo afulati, ndiye nyumba imene ili ndi tchire kumunsi kwake imafunika kulambulidwa mozungulira chilimwe chilichonse.

Madzi a mvula achuluka, koma a pampope amasowa, ndicho chodabwitsa cha malo okwera. Mamita 10 alionse okwera amadya pafupifupi bar imodzi ya mphamvu ya madzi m'paipi, choncho anthu a pamwamba ndiwo amayamba kuumiridwa mipope ndipo ndiwo amamaliza kulandira. Kwathu madzi amafika mwamphamvu cha m'ma 2 koloko usiku, anthu a kumunsi atagona. Musatsegule mpope masana a Lachitatu n'kukhutira. Mukatsegule m'mawa 6 koloko, nthawi imene aliyense akusamba. Mukaona nyumba iliyonse m'deralo ili ndi thanki pamwamba ndi pampu, yankho mwalipeza kale, ingoikani mtengo wa zimenezo pa mtengo wa nyumba. Funsaninso ngati zimbudzi zalumikizidwa kupaipi ya mzinda kapena ndi za dzenje la septiki, ndipo dzenje la mnansi wa kumtunda lili pati poyerekeza ndi khitchini yanu.

Za kuzizira ndingodutsapo. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse okwera, ndiye kusiyana sikwakukulu. Chovuta ndi mthunzi ndi mphepo. Phiri likakhala kum'mawa kwanu dzuwa limachedwa kufika, likakhala kumadzulo limalowa msanga, ndipo usiku mpweya wozizira umatsika m'phiri ngati madzi n'kudikha m'munsi. Zovala pachingwe siziuma, nkhungu imamera kuseri kwa makabati. Ena zimenezi amazikonda. Amuna anga amati tulo ta kumeneku sangatisinthanitse ndi china chilichonse.

Poloti yaikulu ndi yokoma, sindikana. Ana anga anaphunzira njinga pabwalo pomwepa osatuluka pageti. Koma imadya. Poloti ya mamita 40 ndi 50 imafuna mpanda wa mamita 180, ndipo udzu wake sudikira kuti mwalandira malipiro kapena ayi. Kutalikirana kwa nyumba kumene kumapereka bata masana, usiku kumatanthauza kuti mukakuwa mnansi sakumvani. Za mtunda wopita kuntchito muwerenge ndi pensulo: makilomita 15 owonjezera kupita ndi 15 kubwera, masiku 240 pachaka, ndi makilomita 7,200. Kumtunda galimoto imamwa mafuta ambiri, potsika imatha mabuleki. Yeserani ulendowo Lolemba m'mawa nthawi yeniyeni imene muzidzanyamuka, osati Loweruka masana pamene ejenti amakonda kuonetsa nyumba. Ndipo lingalirani tsiku limene galimoto idzafe: mwana wa sukulu adzayenda bwanji, wokuthandizani ntchito adzafika bwanji, wodwala usiku adzafika kuchipatala m'mphindi zingati.

Mapepala ndikhulupirira mukudziwa kale, koma anthu ophunzira omwe amapusitsidwa pamenepa chifukwa cha changu. Dzina la pachiphaso cha malo lifanane ndi la munthu akugulitsayo, loya wanu akafufuze kuofesi yosunga kaundula wa malo ngati nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki, ndipo ngati ndi ya masiye, onse oyenera avomereze polemba. Woyeza malo akapeze mabikoni, zizindikiro za malire a poloti, chifukwa pamapoloti akuluakulu mpanda umakonda kuima pamene womanga anaona kuphweka, osati pamalire enieni. Musapereke ndalama ya chikole m'manja mwa dobadoba chifukwa wakuuzani kuti pali wina akubwera mawa ndi ndalama yonse. Munthu wa mawa ameneyu amapezeka panyumba iliyonse yogulitsa. Ngati mukutenga ngongole, dziwani kuti ya zaka 20 pa chiwongoladzanja cha 10 peresenti mumabweza kuwirikiza pafupifupi 2.3 ndalama imene munakongola, ndipo pa 15 peresenti mumabweza kupitirira katatu. Musathere ndalama yonse pogula, siyani ina ya ngalande, thanki ndi mpanda. Afunseninso a inshuwaransi musanasaine ngati amalipira nyumba ikaonongeka ndi kugumuka kwa nthaka, popeza mapangano ambiri amachotsamo zimenezo. Akakana kapena akakweza mtengo kwambiri, akuuzani zimene akudziwa za malowo.

Mwina mukufunsa ngati ndikadagulanso. Inde, m'dera lomweli, koma osati poloti imeneyi. Ndikadasankha ya kutsidya kwa msewu, pakamtunda kotalikirana ndi phiri, kumene malo amatsika kutsogolo moti ngakhale wina amange yosanja denga lake limakhala pansi pa windo langa. Inalipo nthawi imeneyo, yotsikirapo mtengo, koma tinaikana chifukwa khitchini yake inali yaing'ono. Khitchini ikadakulitsidwa ndi njerwa zochepa chabe.

Uzani ejenti kuti mubweranso tsiku la mvula, ndipo muone nkhope yake. Mukapita, valani majombo, muzungulire kuseri, mutsate madziwo kuchokera kumene akulowera mpaka kumene akutulukira. Mugogodenso pageti la nyumba ya kumunsi kwanu, mufunse amene wakhalitsa kumeneko, kaya ndi mlonda kaya wosamalira maluwa, kuti chaka cha mvula yambiri kunachitika zotani. Mukajambula khoma lakumbuyo ndi mbali ya phiri imene yayang'ana nyumbayo, ikani zithunzizo pansi pa yankho langali, ndiziona madzulo ndikaweruka.