Batire la sola lafa pa miyezi isanu yokha: musanagule lina, werengani kaye

Amayi ena a ku Mchini kuno ku Chipata alemba pa imelo kuti anagula batire la 100Ah (Ah ndi muyeso wa kukula kwa batire) ndi panel ya mawati 100 mu Epulo, ndipo pofika Seputembala malaiti akuzima 19:00 isanakwane. Amayatsa TV, dekoda, mababu anayi ndi kafiriji kakang'ono. Akufunsa ngati agule batire lina.

Amayi, musagule kaye. Latsopanolo lidzafa imfa yomweyo, ndipo chimandiwawa n'chakuti ndalama zotere anthu amazipeza atagulitsa mtedza kapena soya wa chaka chonse. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, ndipo mabanja ambiri anathamangira kugula sola. Anauzidwa mtengo, koma sanauzidwe masamu ake. Masamuwo ndi awa.

Batire lili ngati mtsuko: limasunga zokhazo zimene mwathiramo. La 12V ndi 100Ah likadzaza limasunga 12 kuchulukitsa ndi 100, ndiwo ma watt-hour 1,200, muyeso wa kuchuluka kwa magetsi. Yuniti imodzi imene timagula ku ZESCO ndi 1,000, choncho batire lolemera lija, lonyamulidwa ndi anthu awiri, lili ndi yuniti imodzi ndi kachidutswa basi. Komanso batire la asidi, kaya lothira madzi kaya la gel, silifuna kukhuthulidwa kupitirira theka. Zanu zenizeni ndi 600.

Tsopano onani zotuluka. TV ya mainchesi 32 imadya mawati pafupifupi 45, dekoda 15. Mukaonera maola asanu, zapita 300. Mababu anayi a mawati asanu kwa maola asanu, 100. Mafoni atatu, 50. Inveta, kabokosi kosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba, nayo imadya ngakhale palibe chimene mwalumikiza, mawati 10 mpaka 20, ndiye mukaisiya yoyaka usana ndi usiku yamwa 360 yokha mwakachetechete. Tafika kale pa 810. Firiji yaing'ono pa kutentha kwa Okutobala imafuna 800 mpaka 1,000 pa tsiku.

Nanga zolowa? Panel yolembedwa mawati 100 sipereka 100 kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Dzuwa lamphamvu kuno ndi la maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mukachotsa zotayika m'mawaya, m'kutentha ndi m'batire momwemo, mumatsala ndi 400, tsiku labwino 450. Mukuthira 400, mukutunga 1,600. Batirelo silinadzadzepo chigulireni.

Apa ndi pamene imfa yake imayambira. Batire la asidi likakhala masiku ambiri lisanadzaze, pa mapuleti a mtovu amene ali m'kati pamamera timiyala toyera ta sulphate. Tikakhala tatsopano timasungunuka batire likachajidwa bwino, koma tikakhalitsa timauma ndi kuphimba puleti. Ndiye batire limayamba khalidwe lomwe mwaliona: pofika 10:00 m'mawa controller, kabokosi ka pakati pa panel ndi batire koyang'anira kuchaja, ikuonetsa kuti ladzaza, madzulo mukangoyatsa TV inveta ikulira. Ladzaza msanga chifukwa mtsuko wachepa. Palibe mankhwala othira amene angabweze zimenezi, ndipo amene amakhuthula asidi wakale n'kuthira watsopano amangolipatsa masabata ochepa.

Ndinene mosabisa kuti ogulitsa amene amapereka panel ya mawati 100 ndi batire la 100Ah pamodzi ndi inveta yolembedwa 1000W, n'kumuuza munthu kuti firiji iyenda, akulakwira anthu. Nambala ya pa inveta imanena za katundu amene ingasenze pa nthawi imodzi, sinena za magetsi amene muli nawo. Ayironi imadya mawati 1,000 kapena kuposa, ketulo 2,000. Pa 12V, mawati 1,000 ndi ma amp oposa 80 akutuluka m'batire. Tiwaya topyapyala timene amapereka tija timatentha mpaka pulasitiki kufewa. Kusita ndi kuwiritsa madzi zisiyireni mbaula.

Vuto lina lili pa mawu. Tonse timangoti "sola", kaya tikunena panel, kaya batire, kaya zonse pamodzi, ndipo munthu akati sola yafa, wokonza sadziwa poyambira. Timatinso "batire la sola" pa batire lililonse lalikulu, pamene ena ndi a galimoto ongomatidwa chipepala cha dzuwa. La galimoto lili ndi mapuleti opyapyala, ntchito yake ndi kuliza injini kwa masekondi ochepa kenako n'kudzazidwanso pomwepo. Mukamalikhuthula usiku uliwonse silitha chaka. Funani lolembedwa deep cycle, lopangidwira kukhuthulidwa ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku, ndipo linyamuleni musanalipire. La asidi la 100Ah lenileni limalemera makilogalamu pafupifupi 28 mpaka 32. Ngati mwana wa giredi 7 akulinyamula ndi dzanja limodzi, mulibe mtovu wokwanira, kaya pachikuto palembedwa chiyani.

Denga nalo lili ndi mlandu wake. Chipata ili kum'mwera kwa equator, choncho panel iyang'ane kumpoto, itapendekeka madigiri pafupifupi 15 kuti mvula izitsuka fumbi. Ambiri amangoigoneka pa malata n'kuikapo njerwa. Malata akatentha masana, panel nayo imatentha ndipo mphamvu imatsika, ndiye siyani mpata wolowa dzanja pansi pake kuti mphepo izidutsa. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire zimakuta galasi moti mukapititsa chala pamatsala mzere. Pukutani ndi nsalu yonyowa kamodzi pa sabata, m'mamawa galasi lisanatenthe. Chenjeraninso ndi mthunzi. Nthambi imodzi ya mango, kapena mthunzi wa dishi ya TV utagwera pa kona, umatsitsa mphamvu ya panel yonse chifukwa tizigawo take n'tolumikizana motsatana ngati mikanda.

Ndipo batire musaliike pa windo lowomba dzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Limakonda kutentha kwa madigiri 25, ndipo pa madigiri 10 aliwonse owonjezerapo moyo wake umadulidwa pafupifupi ndi theka. Anzathu a ku Mambwe ndi Mfuwe, kuchigwa kuja, amvetse bwino pamenepa. Ngati ndi lotsegula, yang'anani madzi kamodzi pa mwezi, aziphimba mapuleti. Thirani madzi a batire ogula okha. A pa mjigo ali ndi mchere wowononga mapuleti.

Choyamba kuchita mawa

Bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi. Chotsani zonse pa batire, panel yomwe, lipume maola atatu, kenako yezani. Likaonetsa 12.7V ladzaza, 12.2V lili pa theka, pansi pa 11.9V lakhuthulidwa mopweteka. Likakhala pafupi ndi 10.5V ngakhale mutalichaja, chipinda chimodzi mwa zipinda zisanu ndi chimodzi za m'kati mwa batire chafa, ndipo limenelo lapita.

Ngati lidakali pamwamba pa 12V, chotsani firiji lero, zimitsani inveta masana ndi pogona, ndipo lisiyeni lichajidwe masiku atatu osayatsa kanthu. Masana mita izifika 14.4V. Ndalama imene munasungira batire gulirani panel ina, kuti zonse pamodzi zifike mawati 250 kapena 300, ndipo onetsetsani kuti controller ndi ya ma amp 20 kapena 30 kuti isapse. Polumikiza, yambani ndi batire ku controller, panel pambuyo. Pochotsa, yambani ndi panel. Inveta ipite molunjika ku batire ndi waya wa 16mm² kapena wokulirapo, wamfupi, wokhala ndi fyuzi pafupi ndi mutu wa +. Musailumikize pa timabowo ta controller tojambulidwa babu.

Osalumikiza batire latsopano ndi lakaleli pamodzi, lakale limakoka latsopano mpaka onse kufanana kufooka. Firiji idikire mpaka mutakhala ndi mapanel a mawati 400 kupita m'mwamba ndi batire la lithium la mtundu wa LiFePO4, limene limalola kukhuthulidwa mpaka 80 peresenti tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Pogula limenelo, funsani ngati controller yanu ili ndi posankha lithium, chifukwa zambiri zotchipa zilibe.